Pepala la pa Fuliji

Nyumbayi tinagawana ndi pensulo, ine ndi Marit,
chaka chomwe tinasamukira ku Duluth.
Iye analemba mzere pakati pa pepala:
za m'kati n'zake, za panja n'zanga.
Tinalimata pa fuliji ndi kamaginito kansomba koduka mchira,
ine n'kusayina m'munsi ngati ndagula munda.

Ndinachenjerapo, sindikana.
Kuno panja pamagona miyezi isanu pansi pa chipale.
Kufoshola pang'ono m'mawa, basi, ndaweruka,
pomwe mbale sizidziwa nyengo
ndipo masokosi sapita ku tchuthi.

Mu Meyi chipale chitasungunuka
kapinga anadzuka ndi alendo:
timaluwa tachikasu, ati dandilayoni, mbwee,
kuyambira pa bokosi la makalata
kukafika pa mpanda wa a Koskela,
omwe kapinga wawo amachita kusalala ngati tebulo la pulu.
Iwo sanena kanthu.
Amangoima ndi kapu ya khofi, kuyang'ana kwathu, n'kutsokomola.

Ndinayamba ndi viniga, mchere ndi sopo wa mbale
monga anandilangizira mnyamata wa ku hadiweya.
Ndinapopera Loweruka dzuwa lili paliwombo.
Pofika Lolemba kapinga anali ngati galu wa mphere,
pakati pa chipsera chilichonse duwa lili njo, likuseka.
Ndinayesanso madzi owira a m'ketulo.
Chinapsa ndi chala changa chakuphazi.

Marit ankaonerera pa zenera, manja ali m'thovu.
Usiku anandifunsa, "Lero maluwa ako alipo angati?"
"Mazana atatu ndi khumi."
"Nanga mbale zanga unaziwerengapo?"
Ndinayasama, mawu osabwera.
Anamatula pepala lija, n'kulimatanso chadodolido.

Sabata imeneyo ndinaphunzira
kuti sokosi imodzi yofiira ndi yokwanira
kusandutsa malaya onse a kuntchito apinki,
kuti fumbi la kunsi kwa bedi limaswana,
kuti mphaka amasankha pokolopa kumene,
ndiponso kuti ukaphika lero
anthu omwewo amvanso njala mawa ndi mkuja.
Ku ofesi ndinapita wapinki masiku anayi.

Iye sanagule mankhwala.
Anatenga mpeni wakale wopakira batala,
anagwada pa katoni mvula itangokata,
n'kumaulowetsa m'mbali mwa muzu,
kuutsata pansi mosapupuluma
mpaka utuluke wathunthu, wautali ngati karoti woonda.
"Ukaudula pakati," anatero osadzutsa mutu,
"mawa ubwera ndi mnzake."
Sindinafunse ngati ankanena za udzu.

Lachisanu msana unamugwira.
Ndinamupeza ali chagada pa kapinga, akutukwana mitambo.
Ndinabwera ndi mpeni wachiwiri, epuloni ikadali m'chiuno.
Tinakwawa limodzi mpaka magetsi a mumsewu kuyaka,
ndowa pakati pathu, mawondo atabiriwira,
tikukangana za yemwe anaiwala kutulutsa bini.
Ndinali ine. Ndinavomera titafika pa mpanda.

Pepala likadali pa fuliji
koma khofi wina anatayikirapo, mzere suonekanso.
Ine ndimatsuka, iye amapukuta.
Zochapa anandilanda, sakambitsirana.
Makina otchetchera amayendetsa amene wayamba kutopa ndi mnzake.

Kuseri kwa galaja tinasiyako maluwa khumi ndi awiri.
Marit amati ndi a njuchi.
Ine ndikudziwa kuti mawondo ndiwo anakana.
Dzulo onse anasanduka timipira ta thonje,
mphepo yochokera kudoko n'kutiulutsa,
kuwolotsa mpanda, mwakachetechete, mazanamazana.
A Koskela anali pakhonde ndi khofi wawo.
Tinawabayibitsa tonse awiri,
aliyense ndi mpeni wake m'manja.